Pikapu ya a Chipewa

Alongo ake a malemu anachita zimene iwo ankati n'zabwino. Patapita masiku anayi chiikire maliro, Telala, mkazi wa malemuyo, adakali kuchipinda maso ali otupa, iwo anatenga makiyi pa msomali, n'kukatsegula shopu, n'kuyamba kusesa. Anasesa ngati kukubwera bwana. Anakolopa, anapukuta mashelefu, anatulutsa mathireyi a mazira onse amene anali m'madirowa, ati amenewa ndiwo amasunga mphemvu. Timapepala timene tinali m'mathireyimo anatitentha kuseri pamodzi ndi zinyalala. Tizitsulo timene tinatsala anatikhuthulira m'beseni lochapira zovala, n'kuvundikira ndi nsalu yoyera, yosita bwinobwino.

Tizitsulo timeneto tinali mapikapu. Osati galimoto zija ayi. Pikapu ya gitala ndi kanthu kotalika ngati chala cha munthu wamkulu, kokhala pansi pa nsambo za gitala yamagetsi. M'kati mwake muli maginito ndi waya wakopa wowonda kuposa tsitsi, wokulungidwa maulendo zikwizikwi. Ndi kameneka kamene kamatola kunjenjemera kwa nsambo n'kutumiza ku ampu, bokosi lokweza mawu, kuti anthu amve. Gitala yamagetsi yopanda pikapu ndi thabwa chabe. Malemu anakhala zaka makumi awiri ndi zitatu akukonza tinthu timeneti, ndipo Telala, mkazi wake, anakhala zaka zomwezo pakona pa shopu yomweyo, pafupi ndi zenera, akupalasa makina osokera. Chitseko chimodzi, babu limodzi, ntchito ziwiri.

Malemu analibe buku lolembamo. Buku lake linali mathireyi aja. Pikapu iliyonse inkagona pa mzere wake, kapepala kali pansi pake: dzina la mwini wake, kapena la fakitale imene inapanga ndi chaka chake. Dirowa ya pamwamba inali ya mapikapu a makasitomala, yapakati ya zimene ankatolera yekha, yapansi ya zimene ankakulunga ndi manja ake. Ambiri mwa mapikapuwo analibe dzina lililonse pathupi pawo. Mafakitale ake anatsekedwa kale, amene ankawapanga anafa kale. Ukachotsa kapepala, watsala ndi kachitsulo kakuda kosayankhula.

Telala atavundukula nsalu ija anapeza maginito atagwirana onse chimulu chimodzi, ngati njuchi pa nthambi. Sanalire. Misozi inali itamuthera ku maliro.

"Alamu, ife timangofuna kukuthandizani," anatero wamkulu wa alongowo, tsache lidakali m'manja.

"Mwandithandiza. Mwamuika kachiwiri."

Mchimwene wake wa malemu, amene ankagulitsa matayala akale m'mbali mwa msewu, anasuzumira m'besenimo n'kuligunda ndi nsapato. "Zitsulo izi pali munthu amagula pa sikelo. Inu alamu ndinu telala. Sokani madiresi, za amuna zisiyeni."

"Chotsani nsapato yanu pa beseni langa," anatero Telala.

Beseni linakhala pansi pa tebulo masabata atatu, Telala osalikhudza. Lolemba lina m'mawa, akudula nsalu ya yunifolomu, pakhomo panaima mdala wamtali wowonda, atavala chipewa cha khonde lalikulu chimene sankachivula ngakhale kutenthe bwanji. Anthu onse ankangoti a Chipewa. Anakhala akuimba gitala m'mabandi zaka zoposa makumi anayi. Tsiku limenelo anavula chipewacho, n'kupepesa maliro moyenera, n'kukhala pa benchi. Telala anawathirira tiyi wa m'fulasiki. Anamwa theka kaye asananene chimene anadzera.

"Mayi, nthawi yake si yabwino, ndikudziwa. Koma ndinasiya pikapu yanga kuno."

"Liti?"

"Miyezi itatu bambo asanadwale. Kawaya kamodzi kanaduka m'mbali, basi. Ntchito ya tsiku limodzi. Koma ndikabwera ankati dikirani madala, ndikubwera nayo bwino. Tsopano Loweruka lino mdzukulu wanga akukwatiwa. Ndinamulonjeza ali wamng'ono chonchi kuti polowa mu holo adzalowa ndi gitala yanga. Wabandi ali nazo gitala, inde, koma mwanayo sanapemphe gitala ya wabandi."

"Ikuoneka bwanji?"

"Yakuda, yowonda, timaginito sikisi tozungulira. Mawaya awiri ovala nsalu, osati pulasitiki. Dzina linali pa kapepala komata kunsi, kanachoka ndi thukuta ndisanamere imvi. Fakitale yake inatsekedwa ndisanakwatire n'komwe. Sungaigule kulikonse, ngakhale utayenda mpaka nsapato kutha."

Telala anayang'ana pansi pa tebulo. Akanatha kunena kuti pepani, zinasokonekera pa maliro, ndipo mdalayo akanamvetsa. Koma pakhomo panali patatsamira mlamu wake uja, amene masiku amenewo ankadutsa kawirikawiri kudzaona ngati mkazi wamasiyeyo watopa nalo beseni.

"Mubwere Lachisanu masana. Mubwere ndi gitala yomwe."

Mdala atachoka, mlamuyo anaseka. "Muipeza ndi singano?"

"Mwina."

Anakankhira yunifolomu kumbali n'kukweza beseni pa tebulo lodulira nsalu. Mawu a malemu anayamba kumubwerera, mawu amene kwa zaka zonsezo ankayesa kuti sakuwamvera. Maginito suwakoka, umawatsetsereka cham'mbali. Usagwire pamimba, waya uli pomwepo. Anawalekanitsa imodziimodzi, iliyonse n'kuigoneka pa kansanza kake, motalikirana. Anakwana makumi anayi ndi asanu ndi imodzi. Onenepa ovala chitsulo chonyezimira anawaika uko. A timaginito tinayi, amene ankadziwa kuti ndi a gitala ya besi, anawaika uku. Amene anali ndi zilembo kunsi anawerenga pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo, chala chili pamenepo, poti sukulu anailekera sitandade sikisi. Akuda owonda a mawaya ovala nsalu anatsala asanu ndi awiri. Anayi mwa amenewo kunsi kwake kunali kwa pulasitiki yosalala, zinthu za dzulodzulo. Atatu kunsi kwake kunali kwa chikatoni cholimba chotuwa, ngati chimene amaika m'kati mwa sutikesi zakale.

Atatu. Anawandandalika pakati pa tebulo. Kutalika kumodzi, kulemera kumodzi, mabowo a sikuluwu pamalo pamodzi. Ngakhale kawaya koduka kaja sikanamuthandize: onse atatu anali ndi mawaya athunthu, owotcherera mwaukhondo ndi dzanja limodzi.

Lachiwiri anatulutsa mita ya malemu, yoyezera waya wa m'kati uja. Ankaidziwa mita imeneyo chifukwa maso a malemu atayamba kufooka, ndi iye amene ankamuwerengera manambala ali pa makina pomwepo. Anagunditsa tizitsulo ta mita pa mawaya a pikapu yoyamba: 5.8. Yachiwiri: 5.8. Yachitatu inavinavina pang'ono n'kuima pa 5.8. Anatenga kampasi, kamene malemu ankaonera kumene maginito ayang'ana, n'kukayandikiza pamwamba pa iliyonse. Katatu konse muvi wake unatembenukira mbali imodzi.

Anakhala pansi n'kupinda manja. A Chipewa anati pikapu yoteroyo sungaipeze ngakhale nsapato zithe. Nanga atatu pa tebulo limodzi achokera kuti?

Lachitatu dzuwa litalowa bwino pazenera, anavala magalasi ake olowetsera ulusi, n'kuyamba kuwayang'ana ngati mmene amayang'anira diresi limene mwini wake akuti silinavalidwepo. Timaginito sikisi tija sitinali tofanana msinkhu. Malemu ankati kafupi kwambiri ndi ka nsambo yachiwiri yowonda, ndiye ukakapeza kameneko wadziwa mbali ya nsambo zowonda ndi mbali ya zonenepa. Onse atatu anali ndi dzimbiri, koma osati mbali imodzi. Imodzi inali ndi dzimbiri ku mbali ya nsambo zonenepa. Ziwiri zinali nalo ku mbali ya zowonda.

Dzimbiri limeneli ndi la thukuta. Woimba amagoneka dzanja pamwamba, pamene pali nsambo zonenepa, ndiye thukuta limadya mbali imeneyo. Magitala onse amene analowa m'shopumo anali choncho. Telala anatsala pang'ono kunyamula yoyambayo kuti ndiyo. Kenaka maso ake anagwera pa khoma, pamene malemu ankamata zithunzi za makasitomala ake. A Chipewa anali pomwepo, adakali ndi masaya, gitala ili pachifuwa. Khosi la gitalayo linaloza kumene makosi a anzawo onse sanaloze. Anakumbukiranso dzanja limene linanyamula kapu ya tiyi Lolemba lija. Mdalayo ndi wamanzere. Anangotembenuza gitala ya anthu akumanja osasintha nsambo, zowonda zili pamwamba, zaka makumi anayi. Thukuta lake linadya mbali ya zowonda.

Yoyamba ija anaichotsa pa mzere. Zatsala ziwiri. Akanayenera kusangalala, koma maso ake anapita pazenera.

Anakumbukira kakapu kamene kanakhala pazenera miyezi yomaliza ija, muli viniga ndi mchere, ndi kamtengo ka machesi. Iye anafuna kukataya, malemu n'kunena kuti kasiye, kali ndi ntchito. Anakumbukira kapoto kake kowiritsira mkaka kamene malemu anasungunuliramo makandulo, mpaka anakangana sabata yathunthu. Anakumbukira kulira kwa kamakina kokulungira waya masana onse, malemu akuwerenga chapansipansi, osalola munthu kumuyankhulitsa.

Ndiye kuti atatuwo sanachokere kutali. Imodzi inali ya a Chipewa. Ziwiri anapanga mwamuna wake, pa tebulo lomwelo, iye ali pakona apo akusoka. Anapanga yoyamba, n'kuipaka dzimbiri mbali ya anthu onse. Kenaka anazindikira kuti walakwitsa, mdala ndi wamanzere, n'kukhala pansi kupanganso ina, dzimbiri n'kuliika mbali yoyenera.

Munthu wongofuna kuphunzira kapangidwe ka chinthu sapaka dzimbiri. Dzimbiri siliimba. Ntchito yake ndi imodzi yokha, kunamiza diso.

Tsiku limenelo Telala sanasoke kanthu. Mayi wina anabwera kudzayesa siketi, iye n'kumuuza kuti abwere mawa, osapereka chifukwa. Anakhala akuyang'ana mpando wa malemu, umene khushoni yake inali idakali ndi dzenje la mwini wake. Munthu ameneyu anathamangirapo kasitomala mpaka pa siteji ya basi chifukwa cha sikuluwu imodzi imene inatsalira pa tebulo. Munthu ameneyu anakanapo kugulitsa ampu yoti ankadziwa kuti ifa pakatha mwezi. Iye ankamunyoza nazo zimenezo, ati chilungamo chanucho tidzaphika? Koma mumtima ankayenda nacho monyada. Amuna a anzake ankamwa, ankamenya, ena anali ndi ana kuseri. Wake anali wouma mutu, wosayamika, woononga mapoto, koma sanali wakuba. Ndi chokhacho chimene anamusiyira, ndipo tsopano nachonso chinali ndi dzimbiri.

Chimene chinkamupsetsa mtima kwambiri n'chakuti wakufa sungamuitane pabwalo. Wangochoka, mlandu n'kuusiya pa tebulo, kuti mkazi wa sitandade sikisi auweruze yekha.

Lachinayi anadzuka ndi mkwiyo womwewo, koma unali utakhazikika, wogwira nawo ntchito. Mita yakanika, kampasi yakanika. Anatembenuza ziwiri zotsalazo cham'mbali. Pamimba pa pikapu yamtundu umenewu, pamwamba pa waya wakopa uja, amakulungapo ulusi wonenepa woteteza, wakuda. Telala anaseka yekha, kuseka kosakoma. Za maginito angamunamize. Za ulusi ayi.

Anatenga singano yaing'ono kwambiri n'kutukula nsonga ya ulusi pa yoyamba, mosamala kuti asafike pa waya. Ulusiwo unali wa timinyewa titatu, wopota mothina, wakuda mpaka m'kati, wouma moti kanyenyeswa kanathothoka. Ulusi wotero sanauonepo m'sitolo iliyonse chiyambire kusoka. Anatukula wa yachiwiri. Timinyewa tinayi, topota molekerera. Kunja kwakuda, m'kati moyera mbee. Ananunkhiza: polishi wa nsapato. Unali ulusi wosokera matumba a shuga, umene iye mwini ankausomola n'kuukulunga pa msomali kuseri kwa chitseko. Anapita kukayang'ana. Msomali unali wopanda kanthu. Pansonga pa singano panali patamatirira kanthu koyera kofewa. Anakafikisa pakati pa zala. Kandulo.

Anamanga kaulusi kofiira pa waya wa yeniyeniyo, kenaka anaganiza, n'kukamasulanso. Iye ankaidziwa tsopano ngakhale atatsinzina. Panali chinthu china chimene ankafuna kudziwa, ndipo kaulusiko kakanasokoneza.

Lachisanu mlamu uja anafika msanga kuposa a Chipewa. Anali atasintha nyimbo. Za sikelo sanazitchulenso.

"Alamu, ndafunsafunsa. Akuti kachitsulo ka mdala uja anthu akunja amakasaka ngati mankhwala. Mwakapeza?"

"Khalani apo muone."

A Chipewa analowa ndi gitala yawo m'chikwama chong'ambika zipi. Pamimba pa gitalayo panali bowo lopanda kanthu, ngati malo a dzino lozula. Telala anaika mapikapu awiri pa tebulo.

"Imodzi ndi yanu. Inayo anapanga amuna anga, kutengera yanuyo. Palinso yachitatu, koma imeneyo anailakwitsa."

Mlamu anakhosomola. Mdala anayang'ana uku, n'kuyang'ana uku, n'kuvula chipewa kachiwiri sabata imodzi.

"Mayi, maso angawa sangathe. Koma khutu silinama. Ndiloleni ndiyese."

"Yesani."

Malemu anali ndi gitala yoyesera, yonyansa, yopanda penti, imene anaiboola kumbuyo kuti pikapu izingolowa ngati dirowa, mawaya ake n'kuwapana ndi timapanira topita ku ampu. Telala analowetsa yoyamba, imene inali yeniyeni, osawauza kuti ndi iti. A Chipewa anatembenuza gitalayo chadodolido monga mwa chizolowezi chawo, n'kuyamba kuimba. Zala zinali zokalamba koma zinkadziwa njira. Mawu anatuluka ofewa, okhala ngati akuchokera chipinda china, ndipo mdala atasendera pafupi ndi ampu panamveka kakulira kosongoka. Telala anasintha n'kuika inayo. Nyimbo yomweyo inatuluka yowala, yolimba, nsambo iliyonse payokhapayokha. Anthu awiri odutsa mumsewu anaima pakhomo.

Mdala anaimba nthawi yaitali. Atasiya, maso ake anali onyowa.

"Ndi imeneyi. Iyi ndiye yanga."

Ndiye Telala anadziwa chimene ankafuna kudziwa. Zikanatheka. Mwamuna wake akanapereka yopangayo, mdala akanathokoza n'kupita, ndipo palibe munthu pa dziko akanadziwa.

Mlamu anasendera n'kumuponda Telala chala pansi pa tebulo. "Mwini wake wasankha yekha," ananong'ona. "Ife tilibe mlandu. Tsekani pakamwa, alamu."

Kunena zoona, Telala anatsala pang'ono kumumvera. Sikuti ankaganiza za anthu akunja aja. Ankaganiza kuti mdalayo akapita nayo yopangayo, ntchito ya manja a mwamuna wake ndi imene ikaimbe pa ukwati, anthu n'kuvina, ndipo funso la dzimbiri likagona m'manda momwemo. Ankaganizanso kuti akatero ndiye kuti iye wamaliza ndi manja ake chinthu chimene mwina malemu anachiyamba n'kuchita nacho manyazi.

"Chotsani phazi lanu," anatero mokweza. Kenaka anatembenukira kwa mdala. "Si yanu imeneyo, bambo."

"Mayi, ndaimba nayo zaka makumi anayi."

"Ndipo ine ndasoka zaka makumi atatu. Ulusi uli pamimba pakepo ndi wanga, wa pa thumba la shuga. Koma za ulusi simungazimve. Ndikufunseni: tsiku munabweretsa pikapu yanu, munawauza chiyani amuna anga muli pakhomo apo?"

Mdala anakanda pachipumi. "Ndinati asaiviike mu phula."

"Chifukwa?"

"Chifukwa yanga imamva. Waya wake ndi womasuka, amatola ngakhale mawu a munthu. Anyamata a bandi ankati osajeda pafupi ndi gitala ya a Chipewa, miseche ituluka pa sipika."

"Ndinali pa makina apo, ndinamva. Koma amuna anga chilichonse chimene akulunga okha ankachiviika mu kandulo. Kulira kosongoka kuja ankadana nako ngati udzudzu. Dzanja lawo silikanalola."

Anasolola pikapu imene mdala anasankha, mawaya ali chipanire, n'kukweza ampu. Anaiyandikiza pakamwa. "Muli bwanji," anatero. Ampu inangoti zii. Anayesanso mokweza. Palibe.

Anamasula timapanira n'kupana inayo. Anaiyandikiza pakamwa. Ankafuna kunena moni yemweyo, koma chimene chinatuluka ndi funso lopita kwa malemu.

"Inu bambo, munkafuna kutani?"

Mawuwo anatuluka pa ampu ya malemu, aang'ono, owonda, ngati munthu akuyankhulira m'chitini. Anadzaza shopu yonse. Anthu awiri a pakhomo aja anayang'anana n'kupitiriza ulendo wawo. 

Mlamu anatola makiyi ake a njinga yamoto. "Mwamuvula m'bale wanga pamaso pa anthu."

"Anavula yekha. Ine ndangoyatsa ampu."

Anatuluka osatsanzika. A Chipewa anatambasula dzanja lamanzere, Telala n'kuwaikira pikapu yawo pachikhatho. Anaitembenuza, n'kusisita dzimbiri lija ndi chala chachikulu.

"Ndiye kuti yakalamba," anatero pang'onopang'ono. "Takalambira limodzi, ine osazindikira. Inayo ikulira mmene yangayi inkalirira ndili mnyamata. N'chifukwa chake ndinaithamangira."

"Mukufuna iti?"

"Mdzukulu wanga anakula akumva yokalambayi. Ndiikireni yanga."

Telala anayatsa chowotcherera. Anali asanawotchererepo pa gitala ya munthu, koma anali atagwirira malemu mawaya kambirimbiri, ndipo dzanja lolowetsa ulusi pa singano silinjenjemera. Dontho loyamba la mtovu linakhala lalikulu ngati nsawawa, analichotsa n'kuyambiranso. Lachiwiri linagwira bwino. Akumanga masikuluwu, mdala anayankhula ali chiyang'anire pansi.

"Bambo aja anandipempha, mukudziwa. Anati madala, amene anapanga chinthu ichi anafa onse, chikadzafa ichi palibe adzadziwe kuti ankachikulunga bwanji. Ndiloleni ndichiphunzire. Ine ndinavomera. Kungoti sindinkadziwa kuti zitenga miyezi."

"Nanga dzimbiri?"

"Dzimbiri lanji?"

Telala anawaonetsa yolakwika ija, n'kuwauza za kakapu ka viniga. Sanachepetse kanthu. Mdala anamvetsera mpaka pamapeto.

"Mmisiri akafuna kudziwa ngati wafikapo, amayesa kunamiza diso lake lomwe. Ndaonapo otero. Mwina ankafuna adzandiikire zonse pa tebulo monga mwachitira inumu, aone ngati ndigwe, tiseke. Mwinanso ankafuna kundibera. Sindinganame kuti ndikudziwa, mayi. Ine ndinawadziwira pa tebulo ili basi. Inu ndi amene munawadziwira kunyumba."

"Ndinkayesa choncho."

Mdala anamanga nsambo, n'kuzichuna, n'kuimba kachidutswa ka nyimbo ya mdzukulu wake. Mawu ofewa aja anabwerera, ndi kakulira kake komwe. Anagwedeza mutu, n'kulowetsa gitala m'chikwama. Telala anaona zipi yong'ambikayo ndipo sanathe kupirira. Anawalanda chikwamacho n'kuchisoka pomwepo, mdala atanyamula gitala m'manja ngati khanda.

Atapita, m'shopu munatsala fungo la chowotcherera. Telala anatenga mapikapu awiri a malemu n'kuwagoneka chafufumimba. Anasankha msomali wakuthwa. Pa chikatoni chotuwa cha kunsi kwa iliyonse anakanda mozama, ndi zilembo zake zokhotakhota: YOPANGA AMUNA ANGA. SI YAKALE. Analemba mothina kuti mawu onse akwane. Anapukuta fumbi lake ndi chala n'kuwerenganso. Tsopano ngakhale iye atafa mawa, mlamu wake sangazigulitse ngati zakale, ndipo malemu, kaya ankafuna chiyani, sangabe ali m'manda.

Yolakwika ija anaiika m'dirowa ya pansi. Yabwinoyo anaigwira kanthawi. Inali ntchito yokongola, zimenezo sakanakana. Anaibwezera mu gitala yoyesera, n'kukhwatcha nsambo imodzi ndi chikhadabo, n'kumvetsera mpaka mawu anazilala. Kenaka anazimitsa ampu.

Pa tebulo panatsala mapikapu makumi anayi ndi atatu, iliyonse pa kansanza kake. Khumi ndi asanu ndi anayi anali ndi zilembo. Enawo analibe, ndipo ena mwa iwo anali ndi eni ake amene tsiku lina adzaima pakhomo. Telala anadula timizere ta nsalu yoyera, yotsala ku kolala ya yunifolomu, poti nsalu yosokerera pa waya munthu sangaisese. Anakoka mpando wa malemu, n'kuchotsapo khushoni ija, n'kuikapo yake. Anatola pikapu yonenepa ya chitsulo chosuluka, n'kuitembenuzira ku zenera kuti aone kunsi kwake.